Kinnah kapena Ernest: katswiri woposa mnzake ndi uti?

Pali mkangano umene sukalamba pakati pa okonda mpira wamiyendo m'dziko muno, ndipo ku Nguludi m'boma la Chiradzulu umamveka bwino chifukwa mibadwo itatu imakhalira limodzi. Alipo madoda amene m'zaka za m'ma 1970 ankaunjirira wayilesi kumvera masewero a Flames, ena n'kumachita kukwera basi kudzera ku Limbe kuti akaonere ndi maso awo pabwalo la Kamuzu. Alipo amene adakagwirako ntchito ku Joni, n'kubwerako ndi nkhani za Mmalawi wina amene ankadzutsa khamu m'mabwalo a ku Bloemfontein ndi Pretoria. Ndiye pali achinyamata, ena mwa iwo ophunzira pa Catholic University of Malawi, amene mpira adaudziwira pa kanema ndi pafoni, ndipo savomera nkhani yopanda manambala. Mukafunsa kuti wosewera wamkulu kuposa onse amene dziko lino lidabereka ndi ndani, maina amatuluka ambiri, a Lawrence Waya, Jack Chamangwana, Young Chimodzi ndi ena, koma mkangano ukafika pachimake pamatsala awiri: Kinnah Phiri ndi Ernest Mtawali. Ambiri amatseka nkhaniyi ponena kuti onsewa adali akatswiri ndipo sangayerekezedwe. Ndi mayankhidwe aulemu, koma amatilanda mwayi woganiza mofatsa za chimene timafuna kwa wosewera. Ine ndikuti funsoli lili ndi yankho. Ernest adali ndi luso limene mwina silidaonekenso mwa Mmalawi wina, koma wamkulu pa awiriwa ndi Kinnah, ndipo zifukwa zake zikhoza kuyalidwa poyera.

Tiyambe ndi zimene zidalembedwa. Kinnah adabadwa mu 1954 ndipo adasewerera timu ya dziko lino kuyambira 1973 mpaka 1981, uku kukalabu ali mkondo wa Bata Bullets ya ku Blantyre. Bungwe la akatswiri osunga mbiri ya mpira la RSSSF lidawerengera kuti iye adamwetsa zigoli 71 m'masewero 117. Izi zikutanthauza kuti pa masewero asanu aliwonse amene adavala jezi ya Flames, goloboyi wa adani ankatola mpira muukonde katatu chifukwa cha munthu mmodzi yemweyu. Kulemera kwa manambalawa kumaoneka tikawaika pambali pa a ziphona zina za mu Africa. Didier Drogba adapuma kusewerera Ivory Coast ali ndi zigoli 65. Samuel Eto'o, amene adasankhidwa kanayi kukhala wosewera wabwino koposa mu Africa, adamwetsera Cameroon zigoli 56. M'chigawo chathu chino amene ali patsogolo pa Kinnah ndi Godfrey Chitalu wa ku Zambia, mwini zigoli 79. Kuno kumudzi, zaka zoposa 40 zapita chisiyireni Kinnah, kwadutsa omwetsa zigoli odziwika m'mibadwo ingapo, koma palibe amene wafika ngakhale theka la 71. Ndipo tisaiwale kuti mulu wonsewu adaunjika asadapitirire zaka 27, msinkhu umene womwetsa zigoli amakhala atangoyamba kukhwima.

Zigoli pazokha zikhoza kukhala zokongoletsa buku chabe, koma za Kinnah zidabala zikho. Kuti timvetse kumene mpira wathu udachokera, tikumbuke kuti mu 1962, dziko lino likadatchedwa Nyasaland, timu ya Ghana idatithira zigoli 12 kwa duu. Patangotha zaka 13, mu 1975, Malawi idafika mumasewero otsiriza a chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa ku Zambia, n'kugonja kwa Kenya pa mapenate. Mu 1978 mpikisano womwewo udachitikira kuno kwathu, ndipo Flames, pansi pa mphunzitsi wa ku England Ted Powell, idagonjetsa Zambia 3-2 n'kukweza chikho chake choyamba. Chaka chotsatira anyamatawo adakachiteteza ku Kenya, kuswa eni bwalo 3-2 pamaso pa ochemerera awo. Zikho zikuluzikulu zimene timu ya dziko lino idatengapo ndi zitatu, cha 1978, cha 1979 ndi cha 1988, ndipo ziwiri mwa izo zidabwera Kinnah ali kutsogolo. Nthawi imeneyo osewera ambiri ankagwira ntchito kumakampani amene ankathandiza matimu awo, mpira n'kumakonzekera madzulo akaweruka. Ligi ya dziko lonse ya Super League idadzayamba mu 1986. M'dziko lopanda ligi yaikulu ndi lopanda osewera odyera mpira, mudatuluka munthu amene adachititsa maiko oyandikana nafe kuyamba kuopa ulendo wa ku Blantyre.

Komatu mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi, ndipo mbali ya Ernest ndi yolemera. Iye adachoka ku Hardware Stars akadali mnyamata n'kulowera ku South Africa chapakati pa zaka za m'ma 1980, dzikolo lili lochotsedwa mu FIFA chifukwa cha ulamuliro watsankho. Wosewera wakunja wopezeka akumenya mpira kumeneko ankadziitanira chiletso, ndipo ochemerera a kumeneko adamudziwa ndi dzina la Ernest Chirwali. Mu 1985, chaka chimene ligi ya NSL idakhazikitsidwa, adathandiza Bloemfontein Celtic kutenga chikho cha Mainstay, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa chakacho m'dziko lonselo. Mphoto imeneyi adaitenga mlendo, m'ligi imene munkasewera anamandwa ngati Ace Ntsoelengoe ndi Jomo Sono. Kuchoka apo adakawala ku Mamelodi Sundowns, ndipo zitseko zitatseguka m'zaka za m'ma 1990 adafika ku Argentina, ku Newell's Old Boys ya mumzinda wa Rosario, kalabu imene Diego Maradona adasewerako mu 1993 ndiponso kumene Lionel Messi adaphunzirira mpira ali mwana. Adadutsa ku Talleres ya ku Córdoba, adasewera ku Toulouse m'dziko la France, adapondako ku Saudi Arabia, n'kubwerera ku South Africa kumene adapitiriza mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amene adamuona amanena zofanana: wosewera pakati wosapupuluma, woona mpata anzake asadauone, wopatsira mpira ngati wachita kuuika ndi manja. Palibe Mmalawi wa m'badwo wake amene adafika kumene iye adafika.

Chimene chimalimbitsa mkanganowu n'chakuti anthu awiriwa sadasewere pabwalo lofanana, ndipo amene adayeza mabwalo awowo ndi ndale za nthawi yawo. Vutoli si lathu lokha. Ku America, kumene masewero a baseball ali ngati chipembedzo, anthu akhala akukangana zaka zambiri ngati Babe Ruth, amene adasewera kuyambira 1914 mpaka 1935 n'kumenya mipira 714 ya home run, adalidi woposa onse. Otsutsa amati Ruth sadayesedwe mokwanira chifukwa m'nthawi yake anthu akuda sankaloledwa m'ligi yaikulu. Katswiri wa ligi za anthu akuda, Josh Gibson, adamwalira mu Januwale 1947, patangotsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson aphwanye mpanda watsankhowo ku Brooklyn Dodgers. Mu 2024 akuluakulu a baseball adaphatikiza mbiri ya ligi za anthu akuda ndi ya ligi yaikulu, ndipo zidapezeka kuti pa maulendo 1,000 aliwonse oima kuti amenye mpira, Gibson ankamenya bwino maulendo 372, kuposa 367 a Ty Cobb amene adakhala pamwamba kwa zaka pafupifupi 100. Phunziro lake n'lakuti manambala amabadwira mkati mwa mipanda imene ena adamanga, ndipo woyerekeza akatswiri ayenera kuona ndi mpandawo. Kinnah adatsekeredwa mkati. Timu ya Sharjah ya ku United Arab Emirates itamufuna mu 1982, akuluakulu a nthawiyo sadamulole, ndipo mapeto ake adakatulukira ku Manzini Wanderers m'dziko la Swaziland, limene lero ndi Eswatini. Ernest adatsekeredwa kunja. Zaka zimene mwendo wake udali pamoto, mpaka South Africa idabwezeredwa mu FIFA mu 1992, sakadatha kuvala jezi ya dziko lake.

Nanga muyeso wachilungamo ndi uti? Sitingawayeze ndi zimene zikadachitika mipandayo ikadapanda kukhalapo, pakuti fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sitingawayezenso ndi kukoma kwa kaseweredwe kokha, chifukwa pamenepa umboni ndi wopendekeka. Dziko lino lidalibe wayilesi yakanema mpaka 1999, choncho Kinnah wa zaka za m'ma 1970 amakhala m'makutu ndi m'mitima ya amene adamumvera kapena kumuona, pamene Ernest adasewera m'maiko amene makamera ankajambula mpira sabata ndi sabata. Wachinyamata wa lero akhoza kuona kachidutswa ka Ernest akudyetsa anthu chenga n'kugoma, koma Kinnah amangomumva. Muyeso umene ungapirire zonsezi uli ndi mafunso atatu. Loyamba, kodi munthuyu adachita chiyani chimene chingatsimikizidwe? Lachiwiri, adatalikirana motani ndi anzake ochita ntchito yomweyo, a m'nthawi yake ndi obwera pambuyo? Lachitatu, kodi ntchito yakeyo idasintha chiyani kwa timu ndi kwa anthu amene ankawaimirira? Pafunso loyamba onse ali ndi chonena. Pa lachiwiri ndi lachitatu Kinnah akutsogola, ndipo otsutsa ali ndi mfundo zinayi zimene ziyenera kuyankhidwa moona mtima.

Mfundo yoyamba ndi yakuti zigoli 71 zija zidamwetsedwa kwa adani ofooka, m'masewero apaubale ndi m'mipikisano ya m'chigawo, kotero kuziika pambali pa za Drogba ndi kudzinyenga. Muli choonadi pang'ono m'menemu: Drogba adamwetsa zina mwa zigoli zake m'mpikisano wa dziko lonse lapansi, kumene Malawi sidafikeko. Koma amene amanyoza chigawo chathu cha m'zaka za m'ma 1970 amachiona ndi maso a lero. Zambia imene Flames idagonjetsa mu 1978 ndi dziko limene zaka zinayi m'mbuyo mwake lidafika mumasewero otsiriza a chikho cha Africa, n'kugonja kwa Zaire pamasewero obwereza. Uganda, imene idatenga chikho cha m'chigawochi mu 1976 ndi 1977, idafika mumasewero otsiriza a chikho cha Africa mu 1978 momwemo, n'kugonja kwa Ghana. Tanzania idakasewera nawo mpikisano wa Africa mu 1980. Awa ndiwo adali adani a chaka ndi chaka a Kinnah, ndipo ena mwa iwo adali m'gulu la matimu amphamvu koposa mu Africa. Kuwonjezera apo, adani ofooka amene adalipowo adaseweranso ndi Amalawi ena onse, a m'badwo wake ndi a pambuyo. Ngati kumwetsa zigoli kwa Botswana, Lesotho kapena Mauritius kudali kophweka chotero, bwanji palibe wina adayandikako? Mwayi umene udapatsidwa kwa anthu ambiri n'kugwiritsidwa ntchito ndi mmodzi yekha umaloza luso la mmodziyo.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba. Imati Kinnah sadayesedwe pabwalo lalikulu: sadasewere m'ligi yotchuka ya kunja, ndipo ngakhale ku mpikisano wa Africa sadafikeko, popeza Malawi idapitako koyamba mu 1984 iye atachoka kale. Ernest, mosiyana, adalowa m'ng'anjo n'kutuluka wosapserera. Apa tiyenera kulekanitsa zinthu. Za mpikisano wa Africa, tikumbuke kuti m'nthawi ya Kinnah kunkapita matimu asanu ndi atatu okha mu Africa yense. Chiwerengerochi chidakwera kufika pa 12 mu 1992, pa 16 mu 1996, ndipo pa 24 mu 2019. Timu imene idatenga chikho cha m'chigawo kawiri motsatizana ikadasewera pansi pa malamulo a lero, khomo silikadaichepera. Za ng'anjo ya Ernest, tiione monga idalili. Ligi ya ku South Africa ya m'zaka za m'ma 1980 idali ndi ndalama, makamu ndi aluso ambiri, koma nayo idali mumpanda: makalabu ake sankapikisana ndi a maiko ena a mu Africa, ndipo osewera ake sankakumana ndi timu ya dziko lililonse. Ku Argentina Ernest sadakhalitse, ndipo ku France adafika msinkhu utapita. Kufika kumeneko kokha ndi ulemu waukulu kwa mwana wa kuno, koma dzina lake lenileni adalipanga ku Bloemfontein ndi ku Mamelodi. Tikatero, tikuyerekeza munthu amene adalamulira ligi ya dziko limodzi loyandikana nafe ndi munthu amene adalamulira masewero a pakati pa maiko a chigawo chonse. Sindikuona chifukwa choikira choyambacho pamwamba pa chachiwiri.

Mfundo yachitatu imachokera kwa odziwa mpira mozama. Iwo amati kuwerenga zigoli kumakondera wosewera kutsogolo, pamene wapakati ali ngati mlimi amene adagaula, kubzala ndi kupalira, koma chithunzi n'kujambulidwa cha amene wasenza dengu la zokolola. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikufunsa kuti Ernest adamwetsa zigoli zingati. Ntchito ya wapakati imaoneka pa timu yonse: imagwira mpira, imapuma bwino, imapambana. Ku Celtic ndi ku Sundowns chipatso chimenechi chidaoneka. Ku Flames sichidaoneke mokwanira. Ernest atabwerera m'timu ya dziko m'zaka za m'ma 1990, Malawi sidatenge chikho ndipo sidapite ku mpikisano wa Africa, chilala cha mpikisanowu chimene chidayamba pambuyo pa 1984 n'kudzatha mu 2010. Sindikumuimba mlandu, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo zaka zimenezo mpira wathu udali pamavuto a ndalama ndi kayendetsedwe amene wosewera sakadawathetsa. Komabe funso lathu likukhudza zimene zidachitika. Mphoto za 1987 ndi 1988, kunena mendulo ya bronze ya ku All-Africa Games ku Nairobi ndi chikho cha m'chigawo cha chaka chotsatira, zidabwera iye ali kutsidya la mpanda. Chuma chachikulu cha luso lake chidadyedwa ndi ochemerera a dziko lina. Izi zimamvetsa chisoni, koma chisoni sichisintha zimene zili m'buku.

Mfundo yachinayi imatembenuza mkondo womwewu kuloza kwa Kinnah. Ngati adalidi mzati, bwanji nyumba sidagwe iye atachoka? Malawi idapita ku Ivory Coast mu 1984 popanda iye, n'kukafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2, ndipo idachita bwino mu 1987 ndi 1988 popanda iye. Komanso mu 1978 ndi 1979 sadali yekha, adali ndi Jack Chamangwana kumbuyo, Boniface Maganga pagolo, Barnett Gondwe ndi ena. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, palibe katswiri wa mpira wamiyendo amene adapambana yekha, ndipo Pelé naye adali ndi Garrincha. Kukhala m'timu yabwino sikuchepetsa munthu amene timu yabwinoyo inkamuyang'ana ikafuna chigoli. Chachiwiri, m'badwo wa 1984 sudagwe kumwamba. A Young Chimodzi, Lawrence Waya, Clifton Msiya ndi anzawo adalowa m'timu imene idali itaphunzira kale kupambana, m'dziko limene ana ankathamangitsa mpira wachikulunga akudzitcha maina a ngwazi za 1978. Kuchita bwino kwa amene adabwera pambuyo ndi gawo la cholowa cha amene adatsegula njira. Ndipo ngakhale m'badwo wokoma umenewo udagawana ntchito ya zigoli pakati pa anthu angapo, chifukwa munthu mmodzi wolowa m'malo mwa Kinnah sadapezeke.

Pali chinthu chimodzi chimene okonda Kinnah amathamangira kuponya pasikelo, ndipo ine ndikuchichotsapo dala: uphunzitsi. N'zoona kuti iye adafikitsa Bakili Bullets m'ndime yamagulu ya CAF Champions League mu 2004, atatulutsa Orlando Pirates panjira. N'zoona kuti atatenga Flames mu 2008 adagonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre, Egypt ili ndi chikho cha Africa m'manja, ndipo adatitengera ku Angola mu 2010, kumene zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda zidagwetsa Algeria 3-0, kubweza chipongwe chimene Algeria yomweyo idatichita mu 1984. N'zoonanso kuti Ernest adaphunzitsa Flames kwa nthawi yochepa, kuyambira 2015 mpaka 2016, popanda zotsatira zofanana ndi zimenezi. Koma mpando wa mphunzitsi ndi ntchito ina, ndipo kuusakaniza ndi funso la wosewera n'kusamuchitira chilungamo Ernest. Mlandu wa Kinnah sufuna thandizo limeneli. Zaka zisanu ndi zinayi za 1973 mpaka 1981 zikuima pazokha.

Kunena kuti Kinnah ndi wamkulu sikulanda Ernest chimene chili chake. Iye adaonetsa makalabu a ku South Africa kuti kumpoto kwa Zambezi kuli mgodi wa aluso, ndipo njira imene adaiponda idadzakhala msewu. Chamangwana adakasewera ku Kaizer Chiefs, John Maduka adadzakhala mwana wa pakhomo ku Bloemfontein Celtic komweko, Patrick Mabedi adadzavala lamba wa kaputeni ku Chiefs, ndipo Gabadinho Mhango adadzatchuka ku Orlando Pirates. M'boma ngati la Chiradzulu, kumene mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni, nkhani ya mnyamata amene adapita kumeneko n'kukakhala mfumu ya bwalo imakhudza mtima mwanjira yake. Ngati funso likadakhala lakuti ndani adali ndi mwendo wosalala koposa, kapena ndani adanyamula dzina la Malawi kutali koposa, ndikadapereka ulemuwo kwa Ernest mosanyinyirika. Koma luso ndi chuma chimene munthu amabadwa nacho n'kuchinola, pamene ukulu umaoneka pa zimene chumacho chagulira anthu ake. Pa muyeso umenewu, amene adapatsa dziko losauka zikho zake ziwiri zoyambirira ndi mbiri ya zigoli imene yapirira zaka zoposa 40 ndiye ali pamwamba.

Mkanganowu uli ndi ntchito yoposa kukometsa macheza a pabawo. Ukutionetsa kuti akatswiri athu awiri aakulu onse adadulidwa mapiko ndi zochita za akuluakulu, wina poletsedwa kutuluka, wina poletsedwa kubwerera, ndipo dziko lidataya zaka zabwino za onse awiri. Kinnah adasiya Flames ali ndi zaka 27, Ernest adaisewerera mokwanira zaka zake zamoto zitadutsa. Lero mipanda yandale ija idagwa, koma wosewera waluso amathawabe msanga chifukwa mpira wapakhomo sumudyetsa, ndipo amene watsala amasowa masewero a kunja omukulitsa. Ukutionetsanso kufooka kwathu posunga mbiri. N'zochititsa manyazi kuti nambala ya 71 timaidalira kwa owerengera a kunja, pamene nyuzipepala zakale, matepi a wayilesi ndi zithunzi za masewerowo zili m'dziko momwe muno, ndipo anthu amene adaonerera masewero otsiriza a 1978 akadali moyo m'midzi yathu, ngakhale akutha chaka ndi chaka. Bungwe la FAM, wayilesi ya MBC ndi masukulu aukachenjede, kuphatikizapo ya ku Nguludi, angathe kusonkhanitsa umboniwu, kujambula mawu a osewera ndi ochemerera akale, n'kuuika pamene mwana aliyense angaupeze. Amene akutsutsana ndi chigamulo changa ali ndi ufulu wonse, ndipo mkangano wotere umakoma ukamapitirira. Chofunika n'chakuti abwere ndi zaka, masewero ndi zikho, monga ndayesera kuchita pano, chifukwa anthu awiriwa adatumikira mpira mokwanira kuti aweruzidwe ndi umboni.